Chiperoni M'maso mwa Udzudzu

Tsiku limene a Feston Namakhwa analuma mayi wogulitsa tomato pamsika wa Ndirande anthu amalikumbukirabe, ngakhale eni akewo amati nkhaniyo inakula ndi pakamwa pa anthu. Linali Loweruka la mu Febuluwale 1998, mvula itangokata, dzuwa litabweranso ndi ukali. Gulu la zisudzo la Tiyese linkachita sewero la malungo kuseri kwa mabenchi a ndiwo zamasamba, ndipo a Feston ndiwo anali udzudzu. Anavala chimutu chakuda chophimba mpaka m'mapewa, cha maso ngati mbale ndi mlomo wautali ngati mkono. Ntchito yawo inali yapafupi: kuzungulira bwalo kawiri, kenaka n'kuluma mtsikana wa m'gululo amene anagona pamphasa wopanda neti.

Koma m'kati mwa chimutucho munali mutagwa chiperoni. Mpweya wawo ndi thukuta zinachita nthunzi, nthunziyo n'kumata pamagalasi a maso mpaka msika wonse unangoti mbuu. Anaona chinthu chofiira chapansipansi, n'kuganiza kuti ndi chitenje cha mtsikana uja. Anawerama, analasa. Sanali mtsikanayo. Anali mayi wina wojintcha atawerama kusanja tomato wake, ndipo pamene mlomowo unafika si poti n'kupalemba.

Mayiyo analumpha, anakuwa kuitana amayi ake a ku Chiradzulu, anatola lichero. A Feston pothawa lichero lomwe sankaliona n'komwe anaponda tomato, anaterereka, n'kukagwa chagada m'ngalande. M'mwamba munangotsala manja awiri, miyendo iwiri, ndi miyendo ina iwiri ya udzudzu, ya masokosi odzaza utuchi. Sanavulale. Koma chimutucho chimamangidwa ndi zingwe kumbuyo kwa khosi, ndipo mfundo zitanyowa zinakana kumasuka. Anayenda mpaka kwawo ku Goliyo atagwidwa dzanja, akudontha madzi a m'ngalande, ndipo akazi awo a Eliness anachita kudula zingwezo ndi mpeni wosendera mbatata.

A Feston sanabadwire zisudzo. Anabadwira m'makomboni a tiyi ku Thyolo, kwa makolo amene anawoloka malire kuchokera ku Milanje kalekale. Anafika m'tauni mu 1979 n'kulowa ntchito pafakitale ina ya nsalu, kumene anakhala zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi akukonza makina oluka. Matipate atabwera, fakitaleyo inachepetsa anthu, dzina lawo n'kupezeka papepala lomata pageti. Anabwerera ku Goliyo ndi zinthu ziwiri zimene abwana sakanawalanda: manja ndi pakamwa.

Manjawo ankadzutsa chilichonse, kaya wailesi, kaya loko, kaya simbi yositira. Koma chimene iwo ankanyadira chinali pakamwa. Akagwira maikolofoni paukwati, ngakhale apongozi odana ankaseka moyang'anana. Ankati manja ndi antchito chabe, bwana ndi lilime, ndipo tsiku lina lilimelo lidzawapezera ntchito yovala tayi.

Zaka zimenezo magulu a zisudzo ankamera paliponse, poti mabungwe ankafuna anthu okalalikira za Edzi, za kolera ndi za malungo m'misika. Willard, amene anali kalaliki pafakitale yomwe ija, anayambitsa gulu la Tiyese n'kudzapempha a Feston kuti alembe mawu a dokotala m'sewero la malungo, adzakhalenso dokotalayo. Mawuwo anawalemba masamba atatu, oti munthu akamva amafuna kukagona m'neti masana omwe. Kenaka panafunika udzudzu.

"Chimutucho ndipanga ine," anatero a Feston, osafunsidwa.

Anapinda mawaya, a Eliness n'kumata mapepala a matumba a simenti ndi phala la chinangwa. Maso anadula kunsi kwa mabotolo awiri apulasitiki a mafuta ophikira. Popeza panalibe china choyezera, anayezera pamutu pawo. Tsono mutu wa a Feston, kunena mosapsatira, ndi wocheperako. Chimutu chitauma chinakana kulowa wina aliyense m'gulumo kupatula iwo. Willard anati agwirizira kaye jasi loyera la dokotala, kwa masabata ochepa chabe.

M'mawa mwake mwa tsiku la ngalande lija, anthu ataweruka kutchalitchi, Willard anafika kwa a Feston n'kukhala pakhonde.

"Madala, zadzulo zija zikachitikanso tidzagona ku polisi," anatero. "Tipangane. Chimutuchi chikachitanso nthunzi kamodzi kokha, tikachitaya mu Nasolo. Udzudzu tizingojambula pakatoni, inu mutenge jasi lija. Mawu ake ndi anu kale, ine ndimangopunthwa nawo."

Munthu wina aliyense akanathokoza Mulungu. Akanavala chimutucho Loweruka lotsatira, kupuma mwamphamvu kawiri katatu, kukagunda benchi ya usipa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma a Feston m'mawu onsewo anamvamo chimodzi chokha: kuti chinthu chopangidwa ndi manja awo chikatayidwa mumtsinje chifukwa chalephera.

"Kutaya? Iwe Willard, makina a ku Ingalande andimvera zaka sikisitini. Ndiye ndigonje kwa botolo la mafuta?"

Maganizo awo anali akuti akonze kaye masowo, akulitse chimutucho pang'ono, achipereke kwa Majidi amene ankaimba ng'oma m'gululo, kenaka atenge jasi mwaulemu, anthu asadzanene kuti anathawa.

Woyamba kuwalangiza anali a Abdula, dalaivala wa minibasi za ku Limbe. Anati iwo mvula ikagwa amapaka fodya wa ndudu pagalasi la kutsogolo. A Feston, munthu wa kwaya amene sanasutepo, anagula ndudu imodzi mobisa n'kupaka. Nthunzi inachepadi, koma anayetsemula kasanu ndi kawiri m'kati mwa chimutu, ndipo kuyetsemula m'malo opanda potulukira ndi chinthu choti munthu amachita kamodzi m'moyo. Lamulungu lake amayi awiri a kwaya anawanunkhiza n'kuyang'anana.

Wina anati mbatatesi yaiwisi. Anaidula pakati, anapaka, inathandiza pang'ono. Koma chimutu chitagona pakona masiku awiri, nyerere zinamva za mbatatesiyo n'kusamukiramo, ndipo a Feston anazindikira zitafika kale m'makutu. Mankhwala otsukira mano anawalowa m'maso ndi thukuta, analira misozi ngati ali pamaliro a mayi awo.

"Bambo a Idah," anatero a Eliness, "si Willard wanena yekha kuti muchisiye? Mukulimbana nacho chifukwa chiyani?"

"Mayi, inu za umisiri simungazimve."

"Za umisiri sindizimvadi. Koma mbatatesi ija inali ya ndiwo."

Kuyesa kwake kunkachitika masana pakhonde. Ankavala chimutu, a Eliness n'kumanga zingwe, iwo n'kukhala pampando padzuwa atayang'ana kalendala imene anaikhoma pachitseko. Manambala akayamba kusowa, ankagogoda mpando. Woona zonsezi anali a Gregorio, nkhalamba yosoka nsapato ya pakhomo loyandikana, imene inabwera kuthawa nkhondo ku Mutarara n'kutsalira anzake atabwerera. A Gregorio sankayankhula zambiri. Ankangokweza maso, kuyang'ana udzudzu ukuwerenga kalendala, n'kupitiriza kusoka.

Chimene chinathandiza kwenikweni chinali sopo wochapira, wamtanda uja. Anapeza kuti safunika kumunyowetsa. Umapaka wouma m'kati mwa galasi mpaka lichite mbuu, kudikira pang'ono, kenaka n'kupukuta ndi kansalu kofewa mozungulira mpaka liwale. Kansaluko anadula kuthewera lakale la Idah. Ndi msomali wa mainchesi anayi anaboolanso timabowo pansi pa maso ndi pamwamba pa mutu kuti mphepo izidutsa. Kalendala inkaoneka kwa mphindi makumi awiri. Koma sewero linali la mphindi makumi anayi, ndipo pabwalo munthu sakhala pampando.

Yankho analipeza m'mawa wina akudikira tiyi. Ketulo inali pambaula, nthunzi ikutuluka kumlomo kwake mwamtendere. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anadzuka osamwa tiyiyo, n'kukagula kachidutswa ka paipi yothirira maluwa kwa ogulitsa zitsulo zakale. Anaidutsitsa m'kati mwa mlomo wa udzudzu, mbali imodzi ikutulukira kunja, inayo ikulowa m'kamwa mwawo, n'kuimanga ndi waya kuti isamasunthe. Mphuno inkachitabe zake, choncho anaipana ndi pegi yoyanikira zovala, atakulunga kansanza. Tsopano mpweya wonse unkatulukira kunja, osakhudza magalasi. Kunsonga kwa paipi anaikako chivundikiro cha bolopeni chobooledwa kuti mlomo uzioneka wosongoka.

Anavala, anapuma. Kunsonga kuja kunamveka kulira: nzwiii. Galu wa pakhomo lachitatu anauwa. A Gregorio anadzimenya khofi pakhosi asanazindikire kumene kulirako kukuchokera.

Loweruka limenelo ku Chemusa udzudzu unaona chilichonse. Unazungulira bwalo ukulira, unazemba mabenchi, unaluma mtsikana woyenera pamalo oyenera. Anthu anakwera pamipanda. Ku Chilomoni anapempha kuti sewero libwerezedwe. Ku Machinjiri amayi ena anabisa makanda kumsana. Gulu la Tiyese, limene kale linkasonkhanitsa anthu makumi atatu ndi mbuzi, linayamba kutseka misewu.

M'kati mwa chimutumo munalibe chikondwerero. Munkanunkha chinangwa chowola, sopo ndi labala. Malovu ankadzadza m'paipi. Pegi inkasiya chipsera chofiira pamphuno chimene chinkafika nacho Lamulungu, ndipo a kwaya anasiya kuwayang'ana m'maso n'kumawayang'ana pamphuno. Choposa zonse, munthu ali ndi paipi m'kamwa sayankhula. A Feston ankaima pambali n'kumamvera Willard akudula mawu awo pakati, kulumpha nthabwala, kuika mpumiro posafunika. Pamapeto pake anthu onse a m'sewero ankawamenya ndi matsache, iwo n'kugona chagada. Ankafa katatu pasabata.

"Willard, maso aja ndakonza. Jasi lija bwanji?"

"Madala, tithane kaye ndi ya ku Zingwangwa."

Ya ku Zingwangwa ikatha kunkabwera ya ku Nancholi. Maukwati nawo anayamba kuchepa, chifukwa Loweruka lililonse a Feston ankakhala ali m'chimutu, ndipo eni ukwati ena sankafuna kuti mwambo wa mwana wawo uyendetsedwe ndi munthu amene msewu wonse umamutcha Audzudzu.

Mu Julaye 1999 kunamveka nkhani imene inawadzutsa mtima. Bungwe lina la zaumoyo linagula galimoto ya chimkuzamawu yoti izizungulira m'makwalala kulalikira za maneti, ndipo linkafuna munthu mmodzi wodziwa kuyankhula. Akuluakulu ake ananena kuti adzabwera kudzaonera sewero pabwalo la ku Bangwe n'kusankha pomwepo. A Feston anachapitsa shati loyera. Anakulitsa khosi la chimutu ndi pulayala, n'kuitana Majidi kunyumba. Willard naye anavomera kuti Majidi akakwanitsa, jasi ndi lawo.

Majidi anavala. A Eliness anamanga zingwe. Panadutsa mphindi imodzi, kenaka udzudzu unayamba kudzikanda khosi ndi manja onse awiri n'kugunda chitseko.

"Ankolo, muno ndi m'manda!" anatero atamuvula, akupuma ngati wathamangitsidwa. "Ndiye paipiyi mukuti ndiike m'kamwa mwangamu? Yomwe mwakhala mukutafuna chaka chonse?"

"Ndaitsuka ndi madzi otentha."

"Ngakhale mutaitsuka ndi palafini. Ine ng'oma yanga ija ilibe vuto."

Anamunyengerera mpaka dzuwa kupendeka, Majidi anakana. Willard anatambasula manja.

"Madala, alendo akubwerera udzudzu. Popanda udzudzu palibe sewero. Mukangomaliza kufa tikuvulani msangamsanga, muwapatse moni, muyankhule nawo. Amva okha kuti pakamwa ndi apa."

Tsikulo kunacha ndi chiperoni chenicheni. Phiri la Bangwe silinkaoneka, kamvula kakuwaza, anthu atafunda zitenje. Mkulu wa alendowo, Mayi Kalinde, ankavula magalasi awo pafupipafupi kuwapukuta ndi mpango. A Feston anawaona bwinobwino akuchita zimenezo, chifukwa awo magalasi anali mbee. Ankaona ngakhale madontho a madzi pansidze za Willard.

Sewero linayenda bwino mpaka pamene dokotala amafotokoza kanyikidwe ka neti m'mankhwala. Pamenepo Willard anayang'ana alendo, n'kuuma. Anatsegula pakamwa, anatseka. Bwalo linati zii. A Feston anali mapazi atatu kuchokera pamene iye anaima, ndipo mawu onse anali nawo, mzere ndi mzere, mpaka nthabwala ya beseni la apongozi. Anayesa kulavula paipi, koma waya anaumanga okha, ndipo a Feston akamanga chinthu chimakhala chamangidwa. Anakankha ndi lilime, paipi osasuntha. Anaganiza zongoyankhulira m'paipi momwemo.

Chimene chinatuluka chinali nzwii, nzwi-nzwi, nzwiii, motsatira ndendende kayendedwe ka mawu a dokotala, mpaka pokweza ndi potsitsa.

Anthu anagwa nacho chiseko. Willard anatsitsimuka.

"Mwamumva?" anakuwa, akuloza a Feston. "Akuti musanyike maneti! Akudandaula kuti ana ake agona ndi njala!"

Udzudzu unapukusa mutu mwamphamvu, ukuponda pansi. Anthu anakuwa kwambiri. Mayi Kalinde anavulanso magalasi, ulendo uno kupukuta misozi. Matsache anabwera, a Feston anagona chagada pamatope ozizira, n'kumadikira kuti wina abwere kudzamasula zingwe.

Palibe anabwera. Gulu lonse linathamangira kwa alendo. Anadzuka okha, anapapasa kumbuyo kwa khosi, koma mfundo zinali zitanyowa ndi kamvula kaja. Anayenda mpaka pamene panali alendo. Mayi Kalinde anawagwira chanza ndi manja awiri.

"Koma m'katimu muli luso! Ndani ameneyu?"

Apa m'pamene Willard akanatchula dzina. Koma anali atatenthedwa ndi kuomba m'manja kuja, ndipo pali kachizolowezi kamene ngakhale anthu a m'tauni opemphera amakadziwa kuchokera kwa anzawo a gule wamkulu: wovala chigoba satchulidwa dzina pagulu. Anamwetulira mwaulemu.

"Aaa, mayi, za m'kati sitiulula."

"Zoona, zoona," anatero Mayi Kalinde akuseka. "Musamuvule pano, ana angakhumudwe."

A Feston analoza zingwe, analoza pakamwa, analoza Willard, analozanso zingwe. Mlendo wina anati udzudzu ukuvina, n'kutulutsa kamera. Chithunzicho chilipo mpaka lero pakhoma kwa Willard. Pomwe Majidi anadzakumbukira kubwereka mpeni kwa wogulitsa nzimbe, galimoto ya alendo inali itakhota kale pamsewu wa ku Limbe.

Kalata inabwera patatha masabata awiri. Maikolofoni anapatsa Willard, chifukwa cha kuganiza msanga kumene anaonetsa. Koma anawonjezera kuti galimotoyo singayende popanda udzudzu woima kumbuyo kwake, masiku anayi pasabata, kuyambira Ndirande mpaka Machinjiri. Anapemphanso kuti kulira kuja kusasinthe.

A Eliness anati ntchito ndi ntchito. A Feston anapinda shati loyera lija n'kulibwezera m'sutikesi.

Lolemba loyamba la ntchitoyo anadzuka m'mamawa n'kukhala pakhonde, chimutu chili pamiyendo, mtanda wa sopo uli pambali. Anapaka diso lamanzere, anadikira, anapukuta mozungulira ndi kathewera kaja. Analiunika kudzuwa, anaona kachidontho pakona, anabwerezanso. Galimoto inali isanafike koma chimkuzamawu chinkamveka kale cha ku Chinseu, Willard akudula mawu awo pakati.

A Gregorio anali atatulutsa kale benchi yawo ya nsapato. Anayang'ana kwa nthawi, ulusi uli m'kamwa. Kenaka anaulavula.

"Bambo a Idah, mnzanu anakutsegulirani chitseko, inu n'kuthamangira kukagula sopo. Mukanangogweranso m'ngalande kamodzi kokha, bwenzi pano muli munthu."